Nsungwi ya Bambo M'dimba la Apongozi

Kwawo kwa mkazi wanga, kuseri kwa phiri la Mphunzi, nkhaniyi amaikambabe ngati nthabwala: mkamwini uja anagwetsa tomato wa apongozi ake chifukwa cha kamtengo. Aziseka, mano ndi awo. Ine ndikaikumbukira mtima umawirabe. Sikanali kamtengo ayi, inali nsungwi yowedzera imene anandikonzera bambo anga.

Bambo ankagwira ntchito m'nkhalango ya paini paphiri la Dedza, kudulira nthambi ndi kulambula njira zotchinga moto. Kumeneko kuli timitsinje toti munthu umangodumpha, madzi ake ozizira mpaka mano kuwawa. Anzawo ankati m'menemo mulibe chowedza. Koma iwo anaona kuti nthawi ya ngumbi matemba amadyera pamwamba pa madzi, ndiye nyongolotsi anazisiya. Ankatenga mbedza yaing'ono kwambiri n'kumangirirapo kanthenga ka m'khosi mwa tambala ndi ulusi wakuda wosokera, kuti kazioneka ngati kachilombo kamene kagwera m'madzi. Choyandamitsa kapena chomiza mbedza samangapo. Umabisala kuseri kwa udzu kuti chithunzithunzi chako chisagwere padziwe, n'kuponya chakumtunda, madzi azikabweretsa okha. Kanthengako kakagwa ngati mwala, basi matemba abalalika, kazipita kunyumba. Kamafunika katere phee.

Ndiye nkhani yonse yagona pansungwi. Yonenepa imamenya madzi, yanthete imathyoka. Yanga bambo anaisaka m'makhwawa chilimwe chathunthu: yokhwima, yopepuka, yowonda pang'onopang'ono mpaka kunsonga kumangotsala ngati udzu wofolera. Anaiumitsa pamthunzi, kenako n'kumaiwamba pamakala mfundo ndi mfundo, akuiwongolera pabondo, pomaliza n'kuipaka mafuta a nsatsi. Anandipatsa pamene ndinkapita kuchikamwini. Chaka chotsatira anamwalira.

Amene sanakhalepo pachikamwini sangamve bwino zimene ndikunena. Nyumba ndinamanga ndine, koma pamalo a eni. Munda wa mkazi wanga, dimba la apongozi, ana a kwa mayi awo. Apongozi aakazi anali amasiye, ndipo monga mwa mwambo sitinkayankhulana maso ndi maso. Tikakumana panjira ine ndinkapatukira kutchire, mawu onse ankadzera mwa mkazi wanga. Zimenezo sindinkadandaula nazo, ndi ulemu wathu. Kachewere ndinkalima, tomato ndinkathirira m'mawa uliwonse manja atachita dzanzi ndi chisanu cha ku Dedza kuno. Changa chenicheni pamudzi ponsepo chinali nsungwi ija, yomangirira pansi pa denga lakhonde, ndi masana a Lamulungu tikatuluka ku Misa.

Ngakhale masana amenewo ankawawa nawo. Mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, akandiona ndikumanga kanthenga ankati, "Alamu, lero mukawedza nkhuku?" Amayi kuchitsime ankati matemba anga ndi ndiwo za mphaka. Chonsecho mlamuyo kuwedza kwake kunali kukoka neti ya udzudzu m'dziwe, kukokolola tiana tomwe ndi matope omwe, dziwe n'kukhala mwezi lili gwaa. Ameneyo ndiye ankatchedwa mwamuna wodziwa kusaka ndiwo.

Tsono ndinapita kwathu cha ku Linthipe kukamanga chiliza cha bambo omwewo. Pobwera ndinakweza maso pakhonde, ndinangopeza luzi lokha likulendewera. Ndinafunsa mkazi wanga. Anati, "Kaya, mwina mayi. Dzana amadandaula kuti mitengo yoimikira tomato yaperewera."

M'mawa ndinatenga keni yothirira kupita kudimba. Sindinachite kufunafuna. Pakati pa mitengo yotuwa ya bulugamu panali zidutswa za nsungwi yanga zonyezimira mafuta, mfundo zake zakuda ndi makala a bambo. Anaiduladula ndi chikwanje, n'kukhomera pansi, n'kumangirirapo tomato ndi nsanza. Nsonga, imene bambo anavutika nayo kwambiri, inawachepera mphamvu, ndiye anangoiponya mungalande. Ndinaitola itapondedwa kale ndi mbuzi.

Mudzi wonse uli ndi mabulugamu. Kuseri kwa chimbudzi kunali mapesi ndi mitengo ya nandolo. Munthu n'kusiya zonsezo, kukwera pampando, kumasula chinthu chomangidwa bwinobwino pakhonde la mwini wake! Ndinauza mkazi wanga kuti akawauze mayi ake kuti andipweteka mtima. Iye anati, "Ndikanene kuti chiyani? Kuti bambo akulira nsungwi?" Komabe anapita.

Yankho linabwera ndi mlamu uja. Anatula pabwalo mtolo wa nsungwi zaziwisi, zonenepa ngati zomangira nkhokwe. Anati, "Mayi akuti musankhepo imene mwaikonda. Ndipo ngati vuto ndi ndiwo, neti yanga ilipo, muzibwereka." Ankalankhula akudziluma milomo kuti asaseke. Ine ndinawomba m'manja n'kuthokoza. Paja amati kwa eni kulibe mkuwe. Koma mkuwe umene sunatuluke sufa, umangokhala pakhosi.

Chimene chinandimaliza n'chakuti kuthirira kunali kwanga. M'mawa uliwonse ndinkaima ndi keni pamzere womwewo, kuthira madzi patsinde pa nsungwi ya bambo, ndikuona ikuyamba kuda ndi chinyezi, chiswe chikuinunkhiza. Tomatoyo ndiye ankakondwa bwanji. Ndinapirira mpaka anayamba kubereka.

Tsiku limenelo sindinakonzekere. Ndinagwira chidutswa chimodzi kuti ndione m'mene chawolera, chinangozuka. Nditaona kunsi kwake kutafumbwa, ndinazula chinzake, ndi chinzake, mpaka zonse. Tomato anagwa chagada m'matope, wina n'kuthyoka. Nditatembenuka ndinapeza apongozi aima pamzere wa anyezi, khasu lili m'manja. Mwambo unkati ndipatuke. Sindinapatuke.

Ndinati, "Mayi, iyi inali ya bambo anga. Munandifunsa?"

Anakoka chitenje n'kuphimba kumaso, n'kutembenukira kumbali. Ine osasiya. Ndinawauza kuti ndawalimira zaka zonsezi osawiringula, kuti pamudzi pawo ndilibe ngakhale nkhuku yoti n'kuitcha yanga, kuti kanthu kamodzi kokha kamene ndinabwera nako akaduladula ngati nkhuni. Mawu ankatuluka okwera, a m'madimba oyandikana anaimika makasu. Apongozi anakhala pansi pamzere pomwepo. Sanandiyankhe ine, analankhula ngati akuuza anyezi: "Ine ndinapatsidwa. Sindinakwere pakhonde la munthu."

Mawu amenewo ndinawamva, koma mkwiyo unali utanditseka makutu. Ndinkaganiza kuti akunamizira mlamu.

Anaitana ankhoswe. Anakhala pansi pa mpichesi, wa kwathu ndi wa kwawo, ndipo mlandu sunali wa nsungwi ayi. Unali wa mkamwini wokula mwendo, woyang'ana apongozi m'maso, wowononga mbewu. Nkhoswe yanga yomwe, malume anga enieni, inandinong'oneza kuti, "Iwe, ukwati ungathe chifukwa cha ndodo? Ingopepesa." Nditayesa kufotokoza za kuwamba ndi kuwongola, wina anati nsungwi zili mbwee kudambo, anthu n'kuseka. Anandigamula nkhuku. Ndinagwada, ndinapepesa, ndinakaimikanso tomato yense ndi mitengo ya bulugamu imene ndinadula ndekha. Pabwalo lonselo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anati, koma nayenso mwamulakwira.

Anthu atabalalika ndinakhala pakhonde ndi zidutswa zanga, ndikuzipukuta matope. Mkazi wanga anali pamphasa akusongola nyemba. Mawu a apongozi aja anandibwerera. Ndinati, "Mayi akuti anachita kupatsidwa. Anawapatsa ndi achimwene anu?"

Anati, "Ndine."

Ndinamuyang'ana. Sanagwetse nkhope.

Anati, "Ndinatopa. Kuchitsime ine, kumphakati wa tchalitchi ine, kumaliro ine. Anthu amvekere, amuna anu aja osewera ndi nthenga. Inu mumapita kumtsinje, zonena za anthu mumandisiyira ine. Mayi atafunsa mitengo ndinakwera pampando n'kumasula."

Ndinamufunsa ngati ankadziwa amene anaikonza nsungwiyo. Anati ankadziwa. Ndinamufunsa chifukwa chake anandisiya ndikalipire mayi ake, ndigwade pamaso pa mudzi wonse, iye ali chete pamphasa. Anati, "Mukanakonda ndigwade ine?" N'kupitiriza kusongola nyemba zake.

Sindinamumenye, sindinachoke. Ana anali aang'ono, ndipo kunena zoona ndinkamukonda, mwina n'chifukwa chake zimawawa chonchi. Zidutswa zija ndinakazisiya kwa mlongo wanga ku Linthipe. Ndayesapo kukonza nsungwi zina, koma manja anga si a bambo: ina imakhota, ina imalemera kunsonga, kanthenga kamangogwa thi ngati mwala. Ndimawedzabe nazo choncho, ndipo ndimazisunga kwa mnzanga wa tsidya lina la mtsinje.

Apongozi ndinawapepesanso pandekha asanamwalire, ndipo ulendo umenewo ndinapepesa kuchokera pansi pa mtima. Mkazi wanga tikukhala limodzi mpaka lero, tonse imvi zayamba. Anthu akayamba nthabwala ya mkamwini ndi tomato, iye amaseka nawo. Pepani wake sanatulukebe, ndipo ine sindinasiye kumudikira.