Kalata Yopita Nayo Kumaliro

Etiye Askale anagwira ntchito ya ulembi mu ofesi ya wachiwiri kwa mkulu wa yunivesite yathu zaka makumi atatu. Mabwana asanu ndi mmodzi anabwera n'kupita, iwo ali pampando womwewo, kiyi wa kabati ya chidindo ali m'khosi. Aphunzitsife tinkawaopa kuposa bwana weniweniyo. Ukalowa ndi pepala lokwinyika ankakuyang'ana pamwamba pa magalasi mpaka unkapepesa wekha.

Ine ndimaphunzitsa za matenda a mapira. Zaka ziwiri zathunthu ndinakhala ndikunyengerera Pulofesa Marijke wa ku Netherlands kuti atilowetse m'gulu la mayunivesite asanu ndi anayi omwe ankapempha thandizo ku bungwe la mayiko a ku Ulaya, loti aziphunzitsira limodzi ophunzira a digiri yapamwamba ya kafukufuku. Kwa ife ankangofuna kalata imodzi ya m'Chingerezi, yosainidwa ndi yodindidwa, yolonjeza kuti tidzalandira ophunzirawo m'minda yathu ya kafukufuku. Etiye anaitayipa, bwana wawo Dokotala Wondimu anasaina, ine n'kutumiza.

Kutatsala tsiku limodzi kuti mapempho atsekedwe, Marijke anaimba foni m'mawa.

"Birtukan, mwanditumizira kalata yakale. Ndi ya zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo."

Ndinatsegula kalatayo. Pamwamba panalembedwa 2016, chaka chomwe tinalimo malinga ndi kalendala yathu ya ku Ethiopia. Ku Ulaya anali mu 2023. Dzanja la Etiye linangolemba chomwe linazolowera, ndipo ine ndinali nditaiwerenga katatu osaona cholakwika.

"Ine ndakumvetsani," anatero Marijke, "koma oweruza mapempho sadzafunsa za kalendala yanu. Ina isapofika lero musanaweruke, ndikuchotsani pagulu. Sindingagwetse mayunivesite asanu ndi atatu chifukwa cha deti."

Ndinathamangira kwa Etiye nditakwiya, koma nditawauza n'kuona mmene nkhope yawo inagwera, mkwiyo unatha. Vuto linali lakuti Dokotala Wondimu anali ataika mayi awo dzulo lake, ndipo masiku atatu okhuza maliro anali asanathe. Mkulu wa yunivesite anali kunja kwa dziko.

"Etiye, tingosintha detiyo pa kompyuta," ndinanong'ona. "Angadziwe ndani?"

"Ndingadziwe ine. Chidindo changa sichitera pa bodza, mwana wanga."

"Ndiye zaka zanga ziwiri zipite m'madzi?"

Anatayipa kalata ina, akuloza deti ndi chala ngati mwana wa sukulu, n'kuiika mu envulopu. Kenako anatulutsa netela yawo, nsalu yoyera yomwe amayi amafunda kwathu, n'kuifunda chamaliro, mpendero wake uli m'mwamba. Envulopu inalowa pachifuwa.

"Mukupita nayo kumaliro?" ndinafunsa. Kwathu kuno munthu sapita ndi za ntchito pasiwa, ngakhale utakhala ndani.

"Ukufuna kalata kapena ukufuna kundiphunzitsa mwambo? Itana bajaji."

Bajaji, kagalimoto ka matayala atatu, inatitula pomwe tenti ya maliro inali itatseka msewu wonse. Amuna anali pamabenchi, ena akusewera makhadi mwakachetechete, amayi ali mkati. Etiye ankakhala dera lomwelo, ndipo aliyense ankawadziwa. Tinalowa, tinapepesa, tinakhala pansi. Kunabwera khofi, tinamwa. Kunabwera tirigu wokazinga, tinatafuna. Pamaliro sufika n'kuyamba kulankhula, ndiye tinangokhala. Ine maso anali pa wotchi. Ola linatha, lachiwiri n'kuyamba, Etiye ali duu.

Alendo atachepako, Etiye anakwawa mpaka pamatiresi pomwe panakhala Dokotala Wondimu, atafunda bulangeti, maso ali psuu. Anagwada n'kusolola envulopu pang'ono chabe. Koma mlongo wawo wa bwana anaiona.

"Askale! Ndi pepala limenelo? Dothi la pamanda silinaume, iwe wabwera ndi ofesi yako muno?"

Amayi anatembenuka, wina n'kuomba m'manja kamodzi modabwa. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

"Etiye," anatero Dokotala Wondimu motsitsa, "inunso?"

"Ndinalakwitsa deti, Dokotala. Ndine ndinalakwitsa, osati mwanayu. Mukapanda kusaina lero, ntchito yake yafa, ndipo ndaipha ndine."

Ndinali ndisanawamvepo Etiye akuvomera kulakwa pamaso pa munthu. Bwana anayang'ana envulopuyo. Kenako anakoka thireyi ya makapu, anaitembenuza, anaikapo pepala n'kusaina. Cholembera anachisiya pansi, osawapatsa m'manja.

"Pitani," anatero, nkhope ili kumbali.

Potuluka palibe anatiperekeza. Mayi wina pakhomo analankhula mokweza kuti timve: "Tsiku lake likadzafika, tidzamubweretsera mafayilo."

Bajaji inkaoneka ngati ikukwawa. Titafika ku ofesi, Etiye anatsegula kabati, anapumira pa chidindo, n'kudinda mosamala pambali pa siginecha. Ndinajambula kalatayo n'kuitumiza kutatsala theka la ola kuti tiweruke. Posakhalitsa Marijke anayankha kuti yafika ndipo tili m'gulu. Ndinakuwa ndi chimwemwe, n'kutembenuka kuti ndiwakumbatire.

Ndinawapeza atakhala pampando wawo, netela ikadali chamaliro, misozi ili chuchuchu.

"Etiye, zatheka! Anthu aja adzaiwala, musadandaule."

"Sindikulirira anthu aja," anatero. "Mayi amene aikidwa dzulowo ndi amene ankandisungira mwana pomwe ndinkayamba ntchito ino. Zaka zinayi, osandilipiritsa. Ndakhala pasiwa pawo maola awiri, ndipo msozi sunatuluke ngakhale umodzi. Ndimangoganiza kuti pepala lisakwinyike."

Anapukuta m'maso ndi ngodya ya netela, anakhoma kabati, n'kuimirira.

"Mukupita kuti?"

"Kumaliro. Paja sindinapite kukalira."

Ndinati ndiwaperekeze, koma anakana. Anabwerera okha kutenti kuja, kwa amayi omwe anali atangowanyoza.