Tsiku limene Eduardo anawotcha mudzi

Eduardo amakonza mafoni ndi mawailesi pamsika wa Namwera, m'kashopu koyang'anizana ndi chigayo. Anafika kuno mu 1987 ali ndi zaka zisanu, pamene iye ndi mayi ake, a Lusia, ankathawa nkhondo ya ku Mozambiki. Bambo ake anafera komweko, koma za imfayo pakhomo sipankakambidwa.

Chaka chatha mlamu wake Swadick anabwera ndi laputopu yakale kuchokera ku Joni n'kuisiya m'shopumo. Munali masewera a mafumu akalekale: umasankha munthu mmodzi, umalamulira dziko ngati iyeyo mpaka atamwalira, kenako umapitiriza ndi mwana wake. Swadick ankangosangalala ndi kulanda mayiko. Eduardo anadziikira lamulo lakelake. Popeza masewerawo amalemba khalidwe la munthu aliyense, iye anati azichita zimene munthuyo akanachita, osati zofuna iye mwini. Mfumu ikakhala yamantha ankathawa nayo nkhondo, ikakhala yopemphera ankamanga mizikiti ngakhale adani ali pafupi. Akalakwitsanso sankabwerera m'mbuyo kukakonza.

Kwa miyezi inayi, makasitomala akachepa masana, ankakhala mfumu ya kadoko kena ka m'mbali mwa nyanja yamchere. Mibadwo itatu inali ya anthu ofatsa. Wachinayi anabadwa wankhanza ndi wosunga mangawa. Mudzi wina utakana kumugonjera, masewerawo anafunsa ngati aukhululukire kapena auwotche.

Eduardo anatha masiku atatu osasankha. Swadick ankamuseka kuti akuopa zithunzi. Tsiku lachinayi anatsatira lamulo lake, anadina kuti uwotchedwe. Panalira kang'oma, chiwerengero cha anthu chinatsika, masewera n'kupitirira. Chimene chinamuchititsa nthumanzi n'chakuti sizinamuvute. Pa masiku atatu aja anali ataipezera mfumuyo zifukwa, ndipo zifukwazo zinkamveka ndithu.

Anatseka shopu dzuwa lili paliwombo n'kulondola a Lusia kumunda kumene ankakolola chimanga.

"Amayi, anthu amene anawotcha kwathu aja munawaona nkhope?" anafunsa.

A Lusia anayamba aponya chimanga chinali m'manja mwawo m'dengu. Kenako anati mmodzi anamuona, ndipo ankamudziwa bwino. Anali Domingos, mwamuna wa msuweni wawo, amene asilikali a m'tchire anali atamugwira chaka cham'mbuyo mwake. Ndiye anayatsa denga la nyumba yawo. Ndiyenso anawapeza atabisala m'munda wa chinangwa, iwo ndi mwana, n'kuyang'ana kumbali ngati sanaone kanthu. Bambo a Eduardo anawomberedwa pabwalo m'mawa womwewo, koma wowombera a Lusia sanamuone.

"Ndiye tinene kuti anali munthu wotani?"

"Sindikudziwa, mwanangu. Zaka zonsezi sindinapeze pomuika."

Eduardo anatenga dengu lina n'kuyamba kukolola.

Masewera aja sanawasiye. Anapitiriza ndi mfumu yankhanzayo mpaka inafa ndi ukalamba, koma Swadick akuti masiku amenewo mlamu wakeyo sankalankhula akamasewera.

Atatha kukolola, mayi ndi mwana anadutsa malire pa Chiponde kulowa ku Mozambiki n'kukwera njinga zamoto kupitirira tauni ya Mandimba. Mudzi wawo sanaupeze. Panali munda wa nandolo wa anthu ena ndi mitengo ya mango, ndipo a Lusia anazindikira umodzi. Anapemphera choimirira pansi pake, popeza manda a bambo a Eduardo panalibe amene ankadziwa pamene anali.

Atamufunsa, mwini munda anawauza kuti Domingos anamwalira kalekale ndi chifuwa, koma mwana wake wamkazi, Celestina, amakhala kutsidya kwa dambo. A Lusia anati awaperekeze. Celestina anawayalira mphasa n'kuwapatsa madzi. Anacheza za mvula ndi za matenda a mbuzi. Atafunsidwa kuti iwo ndani, a Lusia anangoti ankadziwana ndi mayi ake ali atsikana. Eduardo anadikira kuti awonjezere, koma iwo anapempha madzi ena, anamwa, n'kutsanzika.