Mimba yanga inalowa m'nyuzipepala

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu chaka chomwe mvula inathawa kwathu, kufupi ndi Mkaika. Njala yake inali yoti makoswe a m'nkhokwe mwathu anasamukira ku Mozambique atabereka ana kumbuyo. Ndinawaona ndi maso angawa, ndipo mmodzi anatsanzika.

Tinali kudikira chimanga cha thandizo pamene galimoto inabwera ndi mtolankhani wa ku Lusaka, wa nsapato zowala ndi kamera m'khosi. Bwana wa ku boma amene anamuperekeza anauza anyamata adzaze nkhokwe ya atate ndi mapesi, pamwamba n'kuyalapo chimanga chobwera pa galimoto yomweyo. Mtolankhaniyo nthawi yonseyi anatanganidwa ndi kupukuta nsapato.

"Ndipezereni mwana wokhuta," anatero.

Anasankha ine, poti mimba yanga inali itatupa ndi gaga ndi njoka za m'mimba. Inkafika pakhomo ine ndikadali kuchitsime, ndikulumbira.

Atate anavulira mtolankhaniyo chipewa. "Abwana, tapisani dzanja m'nkhokwemo muone."

"Madala, ine ndimalemba, sindipisa."

Atandijambula, chimanga chija chinakweranso galimoto. Chinali ndi midzi ina yoti chikaidyetse.

Tsiku lina atate anagula mchere kwa a Saidi, a sitolo ya ku Katete, ndipo a Saidiwo anawakulungira mcherewo m'nyuzipepala. Pofunyulula kunyumba, ndine uyu, mimba patsogolo, mano pamtunda. Mlongo wanga wa kusukulu anatiwerengera Chingerezicho: mudzi wathu wakolola zadzaoneni. Pamenepo tinamvetsa chifukwa chomwe malole a thandizo ankatidutsira kulowera ku Sinda. Mudzi wokhuta supatsidwa chimanga.

Amayi anagulitsa mbuzi zonse. Mng'ono wanga Tisa sanafike pa masika. Apa pokha sindilumbira, manda ake alipo.

Pepala lija atate analing'amba, mimba yanga n'kupichira fodya. Atakoka utsi anati, "Lero lokha nyuzi yagwira ntchito."

Ndinakula ndikulavula ndikamva dzina loti mtolankhani. Ukalamba ndiwo wandiphunzitsa kusankha polavula. Ndikamva kuti mtolankhani wina amumenya kapena amutsekera chifukwa cha zolemba zake, ndimatchera khutu, poti kawirikawiri ameneyo anapisa dzanja mpaka m'chigongono. Adzukulu a wa nsapato zowala uja ndiwo sakhudzidwa ndi munthu. Anasamukira m'mafoni, ndipo bodza lawo ndi lachabechabe kuposa la agogo awo, poti sungapichire ngakhale fodya.