Mwendo umene ndinafuna kupereka kwa agalu

Amuna anga anapita ndi madzi mwezi wa Febuluwale, akuchokera ku esiteti ya fodya komwe ankagwira ntchito, chakumadzulo kwa Namitete. Mvula inali itagwa kumtunda, kwathu kuli dzuwa, ndipo mtsinje unadzaza iwo ali pakati. Amene anali kutsidya anangoona chipewa chikuyandama.

Tinawafuna masiku asanu ndi anayi. Azibambo a m'mudzi ndi akumpingo ankayenda m'mbali mwa mtsinje ndi nsungwi zazitali, kubaya m'matope ndi m'mabango. Ine ndinkatsatira pambuyo nditanyamula chitenje chatsopano choti tikawafunditse. Tinapeza mbuzi yakufa, tinapezanso nsapato ya munthu wina. Tsiku lakhumi akuluakulu anati basi. Tinaika thunthu la nthochi m'bokosi, abusa napemphera.

Patapita zaka zambiri, matenda a shuga anandidya phazi lamanzere. Kuchipatala anati mwendo uyenera kudulidwa mmunsi mwa bondo. Ndili chigonere kudikira tsikulo, wailesi ya mayi wa pabedi loyandikana nane inkanena za agalu amene anapita nawo kummwera kukafufuza anthu okwiririka ndi matope ochokera m'phiri. Akuti galu amanunkhiza, n'kuima pamalo, anthu n'kukumba pomwepo. Nsungwi zija zinandibwerera m'maso, ndipo tsiku limenelo sindinadye.

Ndinafunsa dokotala amene ankatsuka bala langa kuti galu amadziwa bwanji pamene pali munthu. Anati anawerengapo kuti kumayiko ena amawaphunzitsa ndi fungo la thupi lenileni: mano ozulidwa, magazi, ngakhale chiwalo chodulidwa, mwiniwake akasayina kuti wapereka.

"Ndiye tengani mwendo wangawu," ndinatero. "Ine sundithandizanso. Agaluwo akaphunzirirepo."

Anasiya thonje m'mbale, nandiyang'ana nthawi yaitali. Sanaseke. Ndinamufotokozera za amuna anga, iye nalonjeza kuti akafunsa akuluakulu ake.

Anabwera m'mawa mwake n'kukhala pamphepete pa bedi. Anati njira zimene iwo amadziwa ndi ziwiri zokha: chiwalo chimawotchedwa pachipatala pompo, kapena achibale amakachikwirira. Wopezeka ndi chiwalo cha munthu popanda chilolezo amamangidwa, ndipo apolisi sachita nazo chibwana chifukwa cha anthu ofukula manda. Pepala loperekera chiwalo kwa ophunzitsa agalu iye sanalionepo, ndipo amene anawafunsa sankadziwa kuti lingapemphedwe kwa yani.

"Amayi, ngakhale mutasayina lero, sindikudziwa woti akaulandire."

Mwana wanga wamkazi, amene ankandidikirira, anamva zonse ali pansi pamkeka. Dokotala atatuluka anagwada pafupi nane, kundichonderera kuti nkhaniyi ithere pomwepo. Anati ikafika kumudzi idzafika itapindika, anthu adzati tagulitsa mwendo, ndipo ana ake sadzayendanso momasuka. Ndinafuna kumukumbutsa kuti bambo ake alibe manda enieni, koma ndinaleka. Iyenso sanali kunama.

Anandidula Lachinayi. Atandifunsa chochita nawo mwendowo, ndinati awotche. Masana a tsiku lotsatira ndinaona utsi ukukwera kuseri kwa wodi, pomwe amatenthera zinyalala za chipatala. Sindikudziwa ngati unali wanga. Ndinauyang'ana mpaka unatha, kenaka namwino anabwera kudzanditembenuza.

Kuchokera pamenepo sindinauzeponso munthu. Ofika kudzandiona amafunsa za bala, ine ndimati likupola.