Miyendo Yakumbuyo ya Bambo Firmin

Ndinayamba kuwazindikira Bambo Firmin tili pamzere wogula tchipisi m'tauni yathu ya Lier. Pakanema wa m'sitolomo anaika nyimbo yakale ija ya ng'ombe yovala nsapato zofiira ikuvina m'basi. Mkulu wopuma pantchito yapositiyu anayamba kuponya miyendo ndendende ngati ng'ombeyo.

"Yakumbuyoyo ndi yanga," anandiuza monyadira. "Kutsogolo kunali mnzanga, malemu Staf. Dziko lonse linandionera, koma anandizindikira ndi amayi anga okha."

Chovala cha ng'ombecho anachisungabe. Chaka chilichonse awiriwo ankavina nacho pachikondwerero cha tauni yathu, koma Staf atamwalira panasowa wolowa kutsogolo. Okonza mwambo anali atanena kuti Bambo Firmin akapanda kupeza wina wovina naye, ng'ombeyo aichotsa pamwambowo.

Atandipempha kuti ndilowe kutsogoloko, ndinakana. Ndinati ndine wamanyazi, ndipo chimwalirireni amuna anga sindinavinepo.

"Mayi Godelieve, m'mimba mwa ng'ombe akakuonani ndani?"

Lamlungu lapitali tinavina. Ndinkangoona pang'ono kudzera m'mphuno za ng'ombeyo, moti ndinawomba ng'oma ya oimba, ana mpaka kugwa ndi phwete. Ndikufuna kuthawa, ndinamva mawu kumbuyo kwanga mumdimamo.

"Musavule mutuwo, mayi! Akuti tibwereze, ndi kuwombako komwe."