Tinaika Atate Bokosi Lili Lotseka

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa. Ndinali nditagona pa simenti kukhitchini chifukwa nyumba yonse inadzaza ndi azimayi a kumpingo, amene anachezera kuimba mawindo ali otseka kuopa mphepo ya Juni. Atate anali atamwalira ndi korona masiku atatu m'mbuyomo. Aliyense mu Nangongwe ankadziwa, koma pamalirowo anthu ankangoti chinali chifuwa.

Ndine woyamba kubadwa. Ndinatenga ndowa ya kampopi ndi sopo n'kukaika pageti. Azibambo anali atazinga moto, zipewa atakokera m'makutu, ndipo kuseri azimayi anali atayamba kusonkha nkhuni. Ofika m'mawa ena ankasamba m'manja. Mkulu wina, amene anagwira ntchito ya njanji ndi atate zaka zambiri, anandifunsa ngati ndikumuona kuti ndi wauve. Ndinapepesa, iye n'kulowa osasamba.

Dzuwa litatuluka, mng'ono wanga Tiyanjane anaimba foni. Amaphunzira za mankhwala ku Igupto, ndipo sakanatha kubwera chifukwa ulendo wa ndeke unali wovuta nthawi imeneyo. Anandifunsa ngati anthu avala mamasiki. Ndinamuuza kuti ambiri avala pachibwano. Anati nakonso n'chimodzimodzi, anthu amadziwa zonse za matendawa koma amavala pokhapokha akulowa mu ofesi, akatuluka n'kuika m'thumba. Kenako analira, n'kundipempha chinthu chimodzi: ndisalole anthu kukumbatira amayi, poti ali ndi shuga.

Ndinayesa. Ndinakhala pakhomo la chipinda chawo n'kumauza aliyense kuti apepese ali chapatali. Koma anthu ankachuluka. Anabwera a ku Kafue Estates pa maminibasi, ena a ku Chanyanya panjinga, atamanga nsomba zouma kumbuyo zoti zithandize pa ndiwo. Mayi amene wayenda mtunda wonsewo akulira sungamuimitse pakhomo. Ankandidutsa, n'kugwada, n'kutsitsa masiki kuti alire bwino, nkhope ili paphewa la amayi. Pofika naini koloko m'mawa, nshima yoyamba isanaphikidwe n'komwe, ndinali nditasiya kuletsa.

Thupi silinafike kunyumba kapena kutchalitchi. A zaumoyo anati lichoka kumotchale kulunjika kumanda, ndipo kupite anthu ochepa. Tinakwera lole imodzi, koma titacheuka tinaona mzere wa anthu ukutitsatira wapansi, mphepo ikuwaulutsira fumbi m'maso. Nyimbo inkayamba n'kuthera panjira.

Kumanda tinapeza anthu anayi ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anatsitsa bokosi m'galimoto, mmodzi akupopera mankhwala. Apo m'pamene atate aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, anaima kutsogolo n'kunena kuti bokosi litsegulidwe. Anati sangaike mkulu wawo ngati katundu, ndipo palibe akudziwa ngati amene ali m'katimo ndi iwodi. Anatinso a chipatala masiku ano aliyense womwalira akumulemba korona. Azibambo angapo anavomereza n'kuyamba kusendera. Mmodzi wa ovala zoyera aja anafotokoza mofatsa kuti n'zoletsedwa, koma mawu ake sankamveka bwino m'masiki.

Atate aang'ono anatembenukira kwa ine. "Iwe ndiwe mwana wamkulu. Kamba."

Nanenso ndinkafuna kuwaona atate. Tsiku limene ndinawasiya kuchipatala anandituma kukatenga bulangete, ndipo nditabwera nalo a chipatala sanandilole kulowanso.

Amayi ndi amene anayankha, atakhala pansi pa chitenje, osakweza mawu.

"Alamu, nkhope yawo ndakhala ndikuiona zaka makumi anayi. Ndi iwowo. Musatsegule, mungaphe ana anga."

Atate aang'ono anavula chipewa n'kubwerera m'mbuyo. Ovala zoyera aja anatsitsa bokosi ndi zingwe. Abusa anapemphera mwachidule. Ife tinaponya dothi tili patali, ndipo lina silinafike m'dzenje.

Titabwerera, anthu anadya n'kuyamba kubalalika. Ena potsazika ankandigwira dzanja, ine n'kumangopereka. Azimayi anatsuka mapoto, anabweza mabenchi kumpingo, anathira madzi pa makala. Atate aang'ono ananyamuka osatsazika.

Dzuwa likulowa, m'nyumba tinatsala awiri. Ndinatsegula mawindo onse, ndinasesa, ndinawiritsa tiyi wa mandimu ndi jinja wambiri. Amayi anamwa pang'ono n'kundifunsa chifukwa chake ndawapatsa madzi otentha okha. Ndinawauza kuti anunkhize. Anayandikiza kapu kumphuno, kenako anaiika pansi pang'onopang'ono. Atatenso matenda awo anayamba choncho, ndipo tonse awiri tinkadziwa.

"Tiyanjane usamuuze lero," anatero. "Agone kaye."

Ndinawafunditsa, ndinavala masiki yanga, ndipo ndinapita kukafunsa aneba ngati galimoto yawo ingatitengere kuchipatala m'mawa.