Ufa wa Nkhuku Umene Amalume Ankamwa

Chitini chake chinali chachikasu, chojambulidwa tambala wotukumula chifuwa. Munali ufa wa mavitamini umene amayi ankasungunula m'madzi a nkhuku zawo zoyera, zija ankaweta kuseri kwa nyumba yathu ku Kabwata. Unkanunkha ngati chipatala.

Chaka chimenecho amalume, mlongo wawo wa amayi, ankakhala nafe. Anali katswiri wa nkhonya, wowonda koma wa manja othamanga. Kampani ina inkafuna munthu mu timu yake, ndipo wosankhidwayo ankapatsidwa ntchito ndi nyumba. Vuto linali sikelo. Malo otsala anali a anthu olemera thupi, ndiye kochi wa timuyo anangowauza kuti, "Faka thupi, mwana, ndiye ubwele." Thupilo akanalitenga kuti? Inali nthawi ya chipani chimodzi, tikufola pamzere kudikira unga wa nsima ndi mafuta ophikira, nyama tikungoimvera kwa ana a mabwana a ku Kabulonga. Nkhuku za amayi zinali zogulitsa basi.

Amalume anaona mmene anapiye ankakulira msanga. Anayamba kutapa ufa uja, kusakaniza ndi dzira laliwisi, n'kumeza atatsina mphuno. Masupuni anachuluka, anawonjezanso mapilisi amene munthu wina kumsika anati ndi ochokera kunja. Amayi anakalipa kamodzi kokha: "Iwe, ndiwe nkhuku?" Kenako anangowaleka, poti nawonso ankafuna kuti mlongo wawo apeze pokhala. Mpaka lero ndimapsa mtima ndikamva wina akuti unali umbuli. Munthu anali ndi njala, ndipo panalibe womuonetsa njira ina.

Ananenepadi. Nkhope inadzaza, nsapato zinayamba kuthina. Oyandikana nafe ankati, "Ba malume, mwaoneka bwino masiku ano." Sikelo inavomera. Koma tsiku loyesedwa mpweya unawathera nkhonya zitangoyamba, anakhala pansi asanamenyedwe n'komwe. Ntchito inapita kwa wina.

Kuchokera pamenepo ankangokhala pakhonde, miyendo atasanjika pa ndowa, chakudya akukana. Ine, pokhala mwana, ndinali nditapeza sewero. Ndinkadinda chala pamsongolo pawo, kadzenje n'kutsala pompo osafufuma. Ndinkaitana anzanga kuti adzaone amalume anga amphamvu, a thupi losunga chala cha munthu. Amalumewo ankandilola, maso ali kumbali.

Mawu akuti impso ndinawamva koyamba pamaliro awo, azimayi akunong'onezana. Ndinafunsa amayi ngati ameneyo ndiye munthu amene anawagwetsa.